A Fakiri Akana Kukwera Boti

Madzi anafika ku Kanyenda mbandakucha, ndipo pomwe dzuwa linkatuluka mafoni onse anali atasiya kugwira. Anthu anathawira pasukulu ya pamtunda, ena atasenza mphasa, ena akukoka mbuzi, ena atangobereka ana basi.

Dora, mphunzitsi wa pasukulupo yemwe analinso m'komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anaima pakhonde atagwira kawailesi ka m'manja kamene anthu amangokatchula kuti ovaova. Komitiyo inalandira mawailesiwa m'chilimwe, ndipo tsikuli ndi okhawo amene ankalumikiza sukuluyo ndi maboti opulumutsa anthu.

Kawailesi kanachita phokoso, kenako kunamveka mawu a Sadick, msodzi amene ankayendetsa boti lina.

"Aphunzitsi, mukundimva? Ova."

"Ndikukumvani, a Sadick. Ova."

"Tapeza madala pachulu, kuseri kwa nyumba yawo. Ndi a Fakiri, atelala aja. Madzi awafika m'mawondo koma akukana kukwera. Akuti mayi a kunyumba anapita kukaona mpunga kudambo atangotha kupemphera swala ya m'mawa, ndiye iwo sachoka, mwina mayiwo abwera n'kupeza palibe munthu. Tayesa kuwanyamula, akupatira mtengo. Ova."

Dora ankawadziwa bwino a Fakiri. Yunifolomu yake yoyamba anasoka ndi iwowo, pakhonde la golosale, akazi awo a Rahila atakhala pambali akusokerera mabatani.

"Musawasiye. Ndiwafunefune mayiwo kuno. Ova."

Analowa kalasi ndi kalasi, akudumpha miyendo ya anthu ndi mitolo yonyowa. "Mayi Rahila! Akazi awo a atelala!" Palibe anayankha. Anasuzumira pazenera n'kuona dambo lonse litasanduka nyanja. Potuluka m'kalasi yomaliza, mayi wina woyamwitsa anamugwira chitenje.

"Kodi si aja ali kumusi kwa bwalo la mpira? Anabwera pabwato. Akungofuna kubwerera m'madzi, anyamata atopa n'kuwabweza."

Anawapeza atakhala pamwala pomwe madzi ankalekezera, mpango wa kumutu uli chonyowa, maso ali kumudzi.

"Mayi, bambo apezeka. Ali moyo."

"Alhamdulillah!" A Rahila anadzigwira pachifuwa. "Ali kuti?"

"Ali pachulu, boti lili pomwepo. Koma akukana kukwera. Akudikira inu."

"Ha, munthu ameneyu!" Misozi inatsika, koma mawu anali okalipa. "Makani ake omwewa adzandipha ine."

Dora anagwada n'kuwapatsa kawailesi. "Dinani apa polankhula. Mukatha, siyani kuti nawonso ayankhe."

Batani linkawapulumuka mayiwo. Dora anasanjika chala chake pamwamba pa chawo, nadina.

"Bambo a Amiri!"

Poyamba ankangomva mkokomo wa madzi. Kenako kunabwera mawu okalamba, osasa.

"Ndani ameneyo? Musandinamize ndi makina anuwo."

"Makina ati? Zaka zonsezi mawu anga simunawazolowere? Ndine make Amiri. Ndili kusukulu, pouma. Kwerani botilo."

"Make Amiri... ndinudi?"

"Nanga muli ndi wina?"

Kunamveka ngati a Fakiri akutsokomola, koma Dora anadziwa kuti si chifuwa chimenecho.

"Mwavulala?" anafunsa a Fakiri.

"Ayi."

"Nanga mwendo uja?"

"Mwendo uli bwino. Inuyo mwavala juzi?"

"Ndinaisiya pamsomali. Ndinatuluka mothamanga, ndimati ndikutsatireni kudambo, koma madzi anandibweza. Mwadya?"

"Ndidya bwanji inu muli m'madzi?"

Pamenepo panalowerera mawu ena, a Kalilu, woyendetsa boti lachiwiri, amene anali kutali kufupi ndi mlatho.

"Pepani akuluakulu, nkhani yanu tonse tikuimva, ndipo ikukoma. Koma agogo, chonde kwerani, ena tikufuna tilankhulepo. Ova."

A Rahila anabisa nkhope mumpango chifukwa cha manyazi. Dora anaseka koyamba chiyambire m'mawa. Sipanapite nthawi, Sadick analankhula.

"Aphunzitsi, akwera. Okha, osawagwira n'dzanja lomwe. Ova."

Dora sanathe kukhala nawo mayiwo podikira. Kalilu anali atapeza banja lina padenga la tchalitchi, pali mwana wotentha thupi, choncho anathamanga kukauza azaumoyo kuti akonzeke. Pobwerera anapeza boti la Sadick likukocheza kumusi kwa bwalo, litadzaza anthu.

A Fakiri anatsika omaliza, opanda nsapato, kofia ili m'manja. A Rahila anali atalowa kale m'madzi mpaka mu akakolo. Sanakumbatirane. Anangovula chitenje chapamwamba, nawafunditsa amuna awo m'mapewa, n'kumanga mfundo pachifuwa ngati akumangira mwana.

"Taonani mmene mwazizirira," anatero. "Ngati nsomba."

A Fakiri anagwira mkono wa akazi awo ndi manja onse awiri, ndipo sanausiye.

Sadick anapukuta nkhope ndi malaya, akumwetulira. "Aphunzitsi, madalawa andivuta njira yonse. Amangoti, mwanawe, injini yakoyi ilibe mphamvu? Omwe aja amakana kukwera!"

"Mafuta akukwanirani?" Dora anafunsa.

"Alipo a ulendo wina."

Anakankha boti n'kubwerera kumadzi. Dora anawatsogolera okalamba aja kukalasi ya sitandade 2, kumene kunali kakona kouma pafupi ndi bolodi. Ankayenda pang'onopang'ono, a Rahila akutsimphina, a Fakiri akuwauza kuti aponde bwino, pali matope.