Kachida ka M'pepala la Shuga

Ababa amagwira ntchito pa makina ophwanya miyala ya msewu, kumtunda kwa Liwaladzi. Chilimwe chathachi kampani inapatsa aliyense kachida kovala pachifuwa, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Fumbi likachuluka kamalira, ndipo amene kake kalira kawirikawiri amamusamutsira kwina.

Anzawo anayi anasamutsidwa. Ababa anatsala okha kukamwa kwa makina, chifukwa kawo sikanalirepo n'kamodzi komwe.

"Mulungu akundisunga, Shamsa," ankatero, kenako n'kutsokomola mpaka kugwira khoma.

Ine sindiyankhula zambiri. Anzanga a Folomu 4 anabalalika, ndipo chimwalirireni amayi, m'nyumba mwathu mumangomveka chifuwa cha ababa basi.

Lachinayi lina anaiwala kamba wawo, ndiye ndinawapititsira. Ndinawapeza ali mbuu, nsidze zoyera ngati agwera mu ufa. Kachida kaja kanali m'pepala la shuga, lomangidwa bwinobwino ndi mphira, momwe amasungira foni akakwera bwato.

"Mwakakulungiranji, ababa?"

"Chinthu cha eni ake ichi. Ndikabweze chili bii? Ukanaona ka a Layson, ngati katoledwa m'phulusa. Anthu osasamala!"

A Laysonwo ndi amene anayamba kusamutsidwa.

Ndinazindikira pomwepo: kachidako kamakoka mpweya pa timabowo ta kutsogolo, ndipo m'pepalamo simunkalowa kanthu. Koma mwana wamkazi ungawauze bwanji bambo ako kuti kusamala kumene amanyadira ndi kumene kukuwadya mapapo? Ndinatenga mbale n'kubwerera. Masiku atatu ndinkangomvetsera chifuwa chija.

Lolemba m'mawa, iwo ali kumzikiti, ndinapita pa msomali pamene amakoleka malaya a kuntchito. Mphira sindinamasule. Ndinatenga singano ya amayi n'kuboolaboola pepalalo moyang'anizana ndi timabowo tija.

Anabwera dzuwa lili paliwombo.

"Kalira ngati mwana wanjala," anatero. "Andichotsa pa makina. Akuti mawa ndikajambulitse chifuwa ku boma."

Anakhala pakhonde n'kutambasula pepala lija pa dzuwa. Kuwala kunadutsa m'timabowo tonse. Analiyang'ana nthawi yaitali, ine ndili kuseri kwa chitseko.

"Mbewa za m'nyumba muno zinapitako kusukulu," anatero, osatembenuka.

Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba.

"Mawa undiperekeze. Zolemba za madokotala sinditha kuwerenga."