Kalata ya a Alufeo

Jacqueline anayambitsa kakampani kake pa Dedza Boma ali ndi zaka 28. Ntchito yake inali yolumikiza alimi a kachewere ndi ogula kudzera pa foni. Antchito onse anali achinyamata kupatula a Alufeo, mlangizi wa zaulimi wopuma pa ntchito, amene anawalemba chifukwa alimi a ku Chongoni ankawakhulupirira.

Mu ofesimo munalibe zoti bwana. Ankaitanana maina, ndipo Lolemba lililonse ankakumana n'kumatsutsana maganizo momasuka. A Alufeo ankabwera atavala jekete n'kungokhala chete. Jacqueline akalowa, iwo ankaimirira. Akawafunsa maganizo, ankangoti, "Monga mwaneneramo, madamu."

Loweruka lina masana Jacqueline analembera Damiano, mnzake amene anayamba naye kampaniyo: "Madala aja sakuyenda nafe. Angokhala ngati chithunzi cha pakhoma. Tiwachotse." Atatumiza m'pamene anaona kuti uthengawo walowa pagulu la WhatsApp la antchito onse. Pomwe ankaufufuta n'kuti onse atauwerenga.

Lolemba analowa mu ofesi maso ali pansi. Achinyamata aja anangoti zyoli pa makompyuta awo. Msonkhano sunachitike. Cha m'ma 10 koloko a Alufeo anaika patebulo pake kalata yolemba pamanja, yotula pansi ntchito.

"Bambo, pepani," anatero Jacqueline. "Uthenga uja sunali wanu."

"Unali wanga, madamu. Unangolowera khomo lina."



"Ine ndagwira m'boma zaka makumi atatu," anapitiriza a Alufeo modekha. "Kumeneko wamkulu sumutsutsa pagulu. Umadikira anthu atuluke. Ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina mundiitane patokha, ndikuuzeni zomwe alimi akudandaula. Simunandiitanepo. Ndiye inu mumati muno timauzana zoona pamaso. Nanga ine bwanji simunandiuze pamaso?"

"Ndinkachita nanu manyazi."

"Inenso chimodzimodzi."

Jacqueline anakoka mpando n'kuwapempha kuti akhale. Kwa ola lathunthu anamufotokozera kuti mauthenga a mitengo amafika m'Chingerezi, kuti amayi ambiri foni imakhala ndi amuna awo, komanso kuti galimoto yodzatenga kachewere imabwera tsiku la msika anthu kulibe kumunda. Iye ankalemba. Zonsezi sankazidziwa.

"Musachoke, chonde. Tizikumana awiri Lachisanu lililonse."

A Alufeo anapukusa mutu. "Ana awa awerenga. Ndikamalowa azidzandimvera chisoni. Zimenezo sindingathe."

Anatsanzika aliyense pomugwira chanza, n'kutuluka kukakwera njinga yawo.

Masana a tsiku lomwelo Jacqueline anaitana antchito onse. Anaimirira kutsogolo kwawo.

"Zomwe munawerenga zija ndinalemba ndine," anatero. "Ndinalakwa, ndipo munthu wachoka chifukwa cha ine."

Damiano anangoyang'ana panja pa zenera.