Kontena ya Apolisi

Dzina loti Apolisi mayiwa anawapatsa ndi amuna awo omwe. Linayamba ngati nthabwala chaka chimene impso za bambo zinayamba kuvuta, adokotala ataletsa mchere, nthochi, mtedza, malalanje, pafupifupi chilichonse chimene munthu amati akaika m'kamwa n'kuyamika Mulungu. Mayiwa anachotsa mchere patebulo, iwonso n'kuusiya, ati mwamuna asamadye yekha zozizira. Zikomo wake linali dzinalo. Ana analitola, abale analitola, mpaka anansi ankati akagogoda, "Apolisi alipo?"

Tsopano bambo amapita kunja pa ndege kukaikidwa impso ina. Wopereka impsoyo anali mlongo wawo. Magazi a Apolisi anawayeza koma sanagwirizane, ndipo chipatala chakunjacho chinati apite awiri okha, wodwala ndi wopereka. Adokotala ananena mosapsatira kuti bambo akakafika magazi atasokonekera ndi zakudya za m'njira, opaleshoni akaiimitsa, ndipo mtima wawo sunali woti n'kupiriranso kudikira kwina. Ulendo unali wautali, wosintha ndege pakati. Ndiye Apolisi, poti iwo sakwera, anati bola ikwere kontena yawo.

M'mawa wa tsikulo anali m'khitchini, manja ali pa ntchito. Maapozi anasenda, n'kuwadonthezera ndimu kuti asade. Nkhaka anazidula mozungulira, n'kuzipukuta imodziimodzi ndi kansalu kuti zisanyowetse zina. Mbuliuli anakazinga wopanda mchere. Mabisiketi anaphika okha, chifukwa a m'sitolo, ukatembenuza paketi n'kuwerenga, mchere uli mbwee ngakhale mwa otsekemera omwe. Chilichonse chamadzimadzi anachileka, atamva kuti pachipata cha bwalo la ndege amalanda. Analawa chilichonse asanaike, monga ankachitira zaka zonsezi.

Alamu awo, mlongo wa bambo uja, analowa akununkhira mafuta a pa ulendo.

"Ha! Apolisi ali pa ntchito."

"Alamu, mundimvere pang'ono. M'ndege akabweretsa mtedza wa m'timapepala tija, mukane. Nthochi ayi, juwisi wa malalanje ayi. Bambo akamva njala mutsegule umu."

Alamu anasuzumira m'kontenamo n'kukwinya mphuno. "Iii, abale inu! Munthu akupita kukang'ambidwa, inu mukumulongedzera zakudya za mbira?"

"Zakudya za mbirazo ndi zimene zawafikitsa lero."

"Zawafikitsa pa mpeni, alamu. Komabe musadandaule. Ine ndikupereka impso, inu mukupereka nkhaka. Aliyense ndi mphatso yake."

Mawuwo anawalasa Apolisi mpaka m'mafupa. Munthu woti mawa agona pa tebulo la opaleshoni chifukwa cha mwamuna wako sungamutukwane, ngakhale akuponde pachilonda dala. Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti bambo anali ataima pakhomo la khitchini, ndipo anamva zonse. Anangoti kuseka pang'ono n'kuyang'ana wotchi.

Ku bwalo la ndege anawaperekeza mwana wawo wamwamuna, amene anawatsitsa pakhomo n'kupita kukasaka poimika galimoto. Mkati munali piringupiringu, masutikesi akuguguda pansi, mawu akulengeza zinthu zosamveka. Pachipata choti operekeza sadutsa, Apolisi sanaike kontena m'chikwama cha alamu. Anaiika m'manja mwa amuna awo, n'kuwagwira zala kuti aifumbate.

"Bambo, chonde. Mukangofika, akakakuyezani, basi. Mukachira mudzadya zonse, ndidzakuphikirani ndekha."

"Ndamva, Apolisi, ndamva. Mundimanga mpaka mumlengalenga?"

Anawasisita paphewa ngati mmene amachitira ndi mwana wa eni, n'kulowa. Kontena inadutsa m'makina oyezera katundu, wogwira ntchito anaitsegula, anainunkhiza, n'kuibweza. Apolisi anapumira m'mwamba. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo.

Pambali panali khoma lagalasi, loonetsa chipinda chodikirira ndege ndi kasitolo kake. Anakaima pomwepo, osati kuti azilondera, ayi, koma kuti awaone amuna awo kotsiriza, poti za opaleshoni sadziwa munthu. Anaona bambo akukhala pansi, kontena ili pamiyendo. Anaona alamu akulowa m'kasitolo muja. Alamuwo anatuluka ndi jumbo, ndipo m'jumbomo munatuluka paketi yaikulu ya tchipisi chouma chija chamchere, kenako nthochi ziwiri zakupsa bwino.

"Akana," Apolisi anadziuza. "Adokotala analankhula iwo ali pomwepo. Akana."

Kukana kwake kuti? Bambo anasuntha kontena n'kuiika pampando wa pambali. Anang'amba paketi ndi mano. Anadya chimodzi atatsinzina, kenako anayamba kutapa ndi dzanja lonse, n'kumanyambita zala chimodzichimodzi. Alamu ananena kanthu, ndipo bambo anaseka mpaka kuweramira kutsogolo. Kalanga ine, kuseka kumene kuja Apolisi anali atakuiwala! Nkhope imeneyo inali isanaonekepo patebulo la kunyumba chiyambire matenda. Zaka zonse zodzuka kukaviika mbatata m'madzi, zowerenga mapaketi m'sitolo anthu akukankha kumbuyo, zodya mazira osakoma pamodzi nawo, mwamuna sanasekepo choncho ngakhale tsiku limodzi. Lero wasekera paketi ya m'sitolo.

Apolisi anamenya galasi ndi chikhatho. Silinamveke mkati. Anatulutsa foni n'kuimba. Anaona bambo akupisa m'thumba ndi dzanja lamafuta lija, akuyang'ana dzina, n'kuibwezera momwemo ikulirabe. Kenako anasenda nthochi.

"Mayi, galasi limenelo si chitseko," anatero mlonda atawayandikira. "Tasunthani pang'ono."

"Amuna anga awo akudya zowapha."

Mlonda anasuzumira, n'kuona munthu wamkulu akudya nthochi mosangalala. Anawayang'ana mayiwa ngati wosokonekera mutu. "Tasunthani basi, mayi."

Nthawi yokwera itakwana anthu anaimirira. Alamu ananyamula chikwama. Bambo anapukuta manja pa thalauza, anayenda pang'ono, kenako anacheuka. Apolisi anaona ndi maso awo, palibe woti angawatsutse: bambo anaiyang'ana kontena ija pampando, anaiyang'anitsitsa, n'kutembenuka kutsatira mlongo wawo.

Apolisi anachoka pagalasi paja. Anakakhala pa benchi pafupi ndi khomo lotulukira, maso ali gwa, misozi osabwera. Unali mkwiyo wokhawokha, wosowa poutula. Patapita nthawi panafika mayi wosesa, atavala yunifolomu, kontena ili m'manja.

"Pepani mayi, ndinakuonani pagalasi paja. Abambo aja aiwala ichi. Ndati ndisataye, chakonzedwa bwino."

"Sanaiwale," anatero Apolisi. Kenako anachita manyazi, poti munthuyo sanalakwe kanthu. "Zikomo, mwachita bwino."

Anaiika pamiyendo. Chivindikiro chinali chotseka monga anachitsekera wa pachipata uja. Maapozi anali oyera bwinobwino, ndimu inagwira ntchito yake. Kunja ndege inabangula n'kunyamuka, ndipo iwo sanadzutse mutu.

Apo ndi pamene anatulukira mwana wawo, makiyi akulira m'manja, akudandaula za malo oimika galimoto. Anangoti maso pa kontena, n'kuima chilili.

"Amayi! Simunawapatse? Inu zoona? Adokotala ananena chiyani paja? Ntchito yanu inali imodzi yokhayi, amayi. Opaleshoni akakaiimitsa tidzawauza chiyani anthu?"

Apolisi anamuyang'ana mwana amene anamubereka okha. Anatsegula pakamwa kuti anene za paketi, za nthochi, za foni yobwezeredwa m'thumba. Koma akanena, ndiye kuti aneneza munthu wodwala ndi mlongo wopereka impso, ndipo ndani angawakhulupirire Apolisi?

Anatsegula kontena, anatenga nkhaka imodzi n'kutafuna. Inali yozizira, yopanda kukoma kulikonse, monga ankanenera bambo masiku onse.

"Tiye kunyumba," anatero. "Uwauze kuti ndinaiwala."