Landirova ya pa Zitsa

Amuna anga, bambo a Cecilia, anagula Landirova pa okushoni ku boma la Mzimba m'chaka cha 1975. Sinabwere yokha ayi, anachita kuikoka ndi lole ya matabwa mpaka pa nyumba yathu ya m'layini ku Luwawa, kumene iwo ankagwira ntchito ya umakaniko ku zankhalango. Nditaiona ndinawafunsa ngati agula kapena atola. Zitseko zinali zomanga ndi waya, mpando umodzi wokha, injini yosalira. Iwo, a Malizani a anthu, anangoizungulira akuisisita ngati munthu amene wagula ng'ombe ya bere.

Cholinga chawo chinali chomveka, sindingawanamizire. Kunali kutatsala zaka zinayi kuti apume pa ntchito, mu Juni 1979. Ankafuna kuti tsikulo likadzafika tidzapakire zathu zonse, bedi, kabati, makina anga osokera, n'kubwerera kwathu ku Dedza pa galimoto yathuyathu. Kumeneko ikanamatidyetsa, kutsitsa kachewere wa anthu kuchoka m'mapiri momwe malole safika. Mwana tinali naye mmodzi, Cecilia, ndipo anali atakwatiwa kale. Ndodo ya ukalamba wathu inali chiphapha chimenechi.

Koma masiku amenewo galimoto yoyenda sinali ya mwini wake yekha. Kukakhala msonkhano wa chipani, a tcheyamani ankabwera kudzaibwereka kuti ikanyamule amayi a mbumba okavina. Ankabwereka mwaulemu ndithu, koma kukana kunalibe. A Thom, amene anali ndi golosale ku Jenda, pikapu yawo inabwerekedwa ikunyezimira, patatha miyezi itatu inabwera pa chingwe. Chaona mnzako chapita. Bambo a Cecilia anaganiza zoti yawoyo ichire m'kati, koma kunja izioneka yakufa mpaka tsiku la ulendo.

Anaikhazika pa zitsa zinayi za paini kuseri kwa nyumba. Penti sanapake, dzimbiri la kunja analisiya dala. Anandipempha kuti ndibzale maungu pafupi, ndipo anayanga mpaka kutseka galasi lakutsogolo. Matayala abwino atawapeza, limodzilimodzi, anabisa awiri kunsi kwa bedi, awiri kuseri kwa kabati. Batire inkakhala m'dengu la zovala. Injini itachira, ankailiza pokhapokha mvula yamphamvu ikamagwa pa malata, pamene aliyense watseka chitseko ndipo palibe amene akumva mnzake.

Zipangizo zatsopano ankangoziona m'manja mwa ena. Malabala onse a pansi anawasema kuchokera ku tayala lakutha la thirakitala. Gasiketi ya injini anadula ku katoni ya nsapato zanga za kutchalitchi. Paipi ya utsi inali paipi ya madzi. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali masipuling'i akumbuyo. Mbali iliyonse anawonjezera zitsulo zitatu zochotsa ku lole ya zipika imene inagwa kalekale.

"Iyi idzanyamula nyumba yonse osagwada," ankatero, akumenya chitsulo ndi sipanala.

Ine galimotoyo ndinkadana nayo, bodza lilibe mwini. Loweruka lililonse mwamuna ali chagada pansi pake, miyendo yokha ikuoneka. Zofunda zanga zinkanunkha labala ndi girizi. Amayi anzanga a m'layini ankandifunsa ngati chiphaphacho tidzachinyamula pamutu popita ku Dedza, ine n'kumaseka nawo, chifukwa ndinali nditalumbira kuti sindidzaulula.

Lachiwiri lina m'mawa, mu Febuluwale 1979, mvula itagwa masiku atatu osakata, ndinamva kulira kunja. Anali Elube, mkazi wa khomo loyandikana nafe. Mwamuna wake Feston, wodula mitengo, chipika chinali chitamugubudukira pa phiri loterera n'kumuthyola ntchafu. Anzake anayi anafika naye atamugoneka pa chitseko. Wothandiza pa kachipatala kathu anamumanga matabwa awiri, n'kunena mosabisa kuti ngati safika ku chipatala chachikulu ku Mzimba tsiku lomwelo, mwendo upita. Malole onse anali ku Chikangawa, ndipo ndi matope amenewo palibe imene ikanabwera.

"Amama a Cecilia, ndichite uli ine?" Elube anandigwira chitenje. "Mbwenu andifera pa chitseko apa."

Ndinayang'ana uku ndi uku, amuna anga sakuoneka. Ndinakawapeza kuseri kwa nyumba ataima pafupi ndi maungu, manja ali m'thumba la ovolosi.

"Bambo a Cecilia, mwaima chiyani kuno?"

"Kwatsala miyezi inayi yokha, mayi," anandiyankha motsitsa mawu.

"Ndiye mwendo wa munthu udikire miyezi inayi? Matayala ali kunsi kwa bedi aja ndi ogonera?"

Ndinakuwa dala kuti a kutsogolo kwa nyumba amve, ndipo anamva. Amuna anga anandiyang'ana kanthawi, kenako analowa m'nyumba. Anatuluka akukunkhuniza tayala loyamba, lakuda bii, mano ake onse alipo. Anzake a Feston ananyamula galimoto ndi mitengo, amuna anga n'kumamanga mabawuti, ine n'kumazula maungu anga ndi manja anga omwe. Atapukusa handulo kachitatu, injini inalira bwinobwino, osatsokomola n'komwe. Wina kumbuyo kwanga anati, "Anthu a ku Dedza awa!"

Tinayala matiresi kumbuyo n'kumugoneka Feston. Elube anakhala kumutu, ine kumiyendo. Sitinayende ngakhale mpaka pa mpope wa madzi. Galimoto itangoponda kadzenje koyamba, kumbuyo kunanjanja, Feston anadumpha ndi matiresi omwe n'kukuwa mawu amene sindifuna kudzawamvanso. Amuna anga anaimitsa, natsika, nkhope itagwa. Kwa zaka zinayi galimoto ija inali isanapondepo msewu, ndiye panalibe pamene akanazindikira. Masipuling'i a lole amafewa akalemedwa. Opanda katundu ali ngati kukwera pa mtanda wa chitsulo.

"Ikufuna katundu," anatero.

"Tiyikemo zipika," anatero mmodzi wa odula mitengo.

"Zikamugubudukiranso? Ayi. Ndikufuna anthu. Anthu olemera."

Odula mitengo aja anali oonda ngati amene sadya, ndipo amuna ena onse anali kunkhalango. Pa nthawi ngati imeneyo layini imadzaza ndi akazi. Woyamba kutsogola anali mayi Lyness, mkazi wa a Kalebe tcheyamani wa chipani, iwonso mtsogoleri wa amayi a mbumba kwathuko. Mulungu sanawamane thupi.

"Ngati ndi kulemera, adada Malizani, musavutike," anatero akumanga chitenje. "Lucia, Nesta, kwerani. Itanani ndi aja a nyumba yakumapeto."

Ndinaona amuna anga akuyang'ana kumbali. Pa akazi onse a m'dziko muno, amene anafunika kukwera anali mkazi wa tcheyamani. Koma akanatani? Tinakwera akazi asanu ndi anayi, kukhala moyang'anana, matiresi tinawanyamula pa maondo athu, Feston ali pamwamba. Amuna awiri anakhala kutsogolo ndi makasu. Kumbuyo kwa galimoto kunatsika pang'ono, ndipo titanyamuka inayenda mofatsa ngati ina.

Ndisaname, tsiku limenelo ndinainyadira. Pa dambo loyamba, pomwe malole amagona masiku awiri, bambo a Cecilia anakoka kagiya ka mutu wofiira, matayala onse anayi n'kugwira, tinadutsa matope akuuluka mbali zonse. Pa chitunda cha dongo inakwera pang'onopang'ono osabwerera. Makasu aja anagwira ntchito kamodzi kokha. Mayi Lyness anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi kuti Feston asakomoke, ife n'kumapolokozana, maondo atachita dzanzi. Tinafika ku Mzimba dzuwa lili paliwombo. Madokotala anati tafika nthawi yabwino.

Pobwerera, mayi Lyness anasisita chitsulo chimene anatsamira, nati, "Galimoto iyi imakonda azimayi chomene. Tikamachuluka m'pamene ikuyenda bwino." Ananena mokondwa, opanda choipa mumtima. Amuna anga anangoyang'ana msewu.

A Kalebe anabwera Lamulungu masana atanyamula tambala. Anakhala pa mpando, navula chipewa.

"Yewo chomene, adada Malizani. Mwapulumutsa mwana wathu. Tonse taona." Anaika tambala pansi. "Koma chinthu chabwino chonchi munachibisiranji?"

Masiku amenewo mawu oti kubisa sanali mawu ochezera. Munthu ankatha kupita nawo kutali.

"Inali isanathe, a tcheyamani. Tsiku lija tinangoyesa mwayi."

"Mbwenu yatha tsopano," anatero a Kalebe akumwetulira. "Mwezi wamawa amayi ayamba kuyeserera magule ku boma. Akazi anga akuti sanakwerepo galimoto yofewa ngati imeneyi."

Tambala uja tinadya, koma sanatsike bwino.

Bambo a Cecilia anapempha chinthu chimodzi, kuti aziyendetsa okha. Anawalola. Kuyambira Malichi, Loweruka lililonse, nthawi zina ndi Lachitatu lomwe, Landirova inkanyamuka ndi amayi. Poyamba anali khumi ndi awiri. Ataona kuti sikugwada anakhala khumi ndi asanu ndi atatu, kenako makumi awiri ndi awiri, ng'oma zili padenga. Galimoto ina ikanakhala pansi anthu n'kuchita manyazi n'kutsika okha. Iyi inkangoima chilili, ndiye aliyense ankati malo alipo. Amuna anga akadandaula, ankawaseka kuti akuchepetsa ntchito ya manja awo omwe. Akabwerako ankalowa pansi pake, kumanga chimene chamasuka.

Masipuling'i sanathyoke. Zitsulo za lole sizithyoka ndi azimayi. Chimene chinathyoka ndi chesisi, msana wa galimoto, umene unali wakale ndipo unkalandira nkhonya zonse zimene masipuling'i ankakana. Unaduka mbali zonse ziwiri pa mlatho wina pafupi ndi Jenda, sabata yachiwiri ya Meyi. Palibe amene anavulala. Amayi anakwera lole ina n'kupitiriza ulendo akuimba.

Anaikokera kunyumba. Masiku awiri amuna anga anayesa kuwotcherera, koma chitsulo chinali chitadyeka, moto ukangofika chinkaboola. Tsiku lachitatu anatuluka pansi pake, napukuta manja, nati, "Yatha." A Kalebe anabwera kudzapepesa, ndipo ndikhulupirira kuti anamvadi chisoni. Anati chipani sichidzaiwala.

Mu Juni tinalongedza. Lole ya matabwa inavomera kutitengera ku msewu waukulu kuti tikakwere basi, ndipo m'basi simulowa kabati. Bedi tinasiyira Elube, kabati kwa Nesta. Makina osokera ndinawachotsa miyendo n'kukulunga mutu wake m'bulangete. Zaka makumi awiri ndi zisanu za ntchito zinakwana m'masutikesi awiri, mtolo umodzi ndi bokosi la masipanala.

Chiyambire Febuluwale amuna anga anali asanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndine amene ndinakuwa. Ndinkadziwa kuti nditabwerera pa tsiku lija ndikanakuwanso, koma kudziwa zimenezo sikunandithandize kuyang'ana nkhope yawo.

M'mawa wa ulendo Feston anabwera kudzatiperekeza. Anali atangotuluka m'chipatala milungu itatu yapitayo, akuyendera ndodo. Analimbikira kunyamula mtolo wathu kuchokera pakhomo mpaka pomwe panaima lole, ngakhale tinamuletsa. Atafika anagwira dzanja la amuna anga ndi manja awiri. Tinakwera pamwamba pa matabwa, lole n'kunyamuka.

Bambo a Cecilia anatembenuka kuyang'ana m'mbuyo. Ndinaganiza kuti akuyang'ana kuseri kwa nyumba, koma ayi. Ankayang'ana Feston akubwerera, ndipo anamuyang'ana nthawi yaitali, mutu atapendeketsa, monga ankachitira akamatulutsa lole m'galaja.

"Akukokera kumanzere pang'ono," anatero. "Koma ayenda ameneyu. Ayenda zaka zambiri."

Atatero anatembenuka, naika manja awo pa maondo, opanda chogwira. Ine ndinafunda chitenje kumutu n'kulira mpaka pa msewu waukulu.