Funso Lokhala ndi Dzina la Apongozi

Salkyn anapeza ntchito yake yoyamba chaka choyamba cha ukwati chisanathe. Ofesi ya chiwerengero cha anthu inkafuna amayi oti aziyenda khomo ndi khomo kufunsa za umoyo: ana abadwa angati, akulemera bwanji, katemera analandira kapena ayi, amayi awo magazi alipo okwanira kapena achepa. Mayankho a makomo osankhidwa m'dziko lonse amakawaphatikiza ku Bishkek, likulu la dzikolo, ndipo boma limaonera pomwepo kumene kukufunika mankhwala ndi anamwino. Salkyn anaphunzira ntchitoyi kutauni ya Naryn, nakhoza bwino. Anamupatsa kakompyuta ka m'manja, sikelo yoyezera ana ndi jekete yabuluu, imene anaiyesa pagalasi mpaka mwamuna wake anamufunsa ngati akufuna kugona nayo.

Woyang'anira gulu lawo anali Mayi Raikan, munthu wamfupi wa magalasi, wosakonda kukalipa koma wosaiwala kanthu. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: funso liwerengedwe monga lalembedwera, osachotsapo liwu, osaikapo lako. Ankati mayi wa mumzinda wa Osh ndi mayi wa kumapiri ayenera kumva funso limodzimodzi, apo ayi manambala awo akakakumana kulikulu azidzanena zinthu ziwiri zosiyana pomwe aliyense akuganiza kuti akunena chimodzi.

Ndiye taonani mmene zinakhalira. Mnzake amene anayenera kupita kumudzi wa kuseri kwa phiri anachira msanga, mwana wamwamuna, ndipo munthu wotsala anali Salkyn yekha. Mudziwo unali kwawo kwa mwamuna wake. Mayi Raikan anati apita naye tsiku loyamba kukamvetsera mmene akufunsira. Akakhutira, amusiya komweko amalize makomo onse. Akapanda kukhutira, abwerera naye pagalimoto lomwelo, ntchito apatse wina.

Salkyn anavomera ndi mutu, koma panali vuto. Iye anali kelin, mkazi wokwatiwa kubanja la eni, ndipo kelin satchula dzina la apongozi ake aamuna. Dzinalo likakhala la chinthu cha m'nyumba, chinthucho amachipezera dzina lina, n'kukalamba nalo. Apongozi a Salkyn anali a Temir, ndipo m'chiyankhulo chawo temir ndi chitsulo. Msomali ndi wa temir, mbaula ndi ya temir, ndipo mapiritsi aja amene mayi woyembekezera amamwa kuti magazi achuluke ndi mapiritsi a temir. Pakati pa mafunso a amayi liwulo linakhalapo phee, osatinso kamodzi. M'kalasi ku Naryn ankalitchula chapansipansi, n'kumadzilimbitsa mtima kuti kumudzi n'kutali. Tsopano mudzi uja ndi uwu, ndipo theka la makomo ake ndi la mtundu wa apongozi akewo.

Khomo loyamba linali la Begaim, mkazi wa msuweni wa mwamuna wake, wachimwemwe, wamwana pamwendo. Anakhala pamakapeti, Mayi Raikan pakona ndi kambale ka tiyi wamkaka. Zinayamba bwino zedi. Mwana anamuyeza, analira pang'ono, natonthola. Mafunso a madzi akumwa, a chimbudzi, a sikelo ya amayi oyembekezera, onse anayenda ngati madzi otsika phiri. Kenako linafika lija.

"Pamene munali oyembekezera, kodi munalandira kapena kugula mapiritsi a..." Salkyn anakhosomola. "A cholimba?"

Cholimba ndilo dzina limene iye anapatsa chitsulo atangolowa m'banjamo. Koma Begaim nayenso anali kelin wa mkulu yemweyo, ndipo lake linali lina, iye ankati chakuda. Choncho anamva zina. Anaphimba pakamwa ndi mpango, maso ali gwa.

"Mapiritsi a cholimba? Mnzanga, boma layamba kufunsanso zimenezo? Bambo a kuno sasowa mapiritsi, umboni ndi uwu uli pamwendopa."

Atatuluka panja, Mayi Raikan sanakalipe. Anali atamvetsa kale. Nawonso anali ndi apongozi, kungoti mwayi wawo dzina la apongoziwo silinali la chinthu chilichonse. Koma anamuuza Salkyn kuti aganize: mayi uja mwina mapiritsi anamwa, koma yankho latuluka loti ayi. Chigwa chonse chikayankha choncho, a kulikulu adzati kuno mapiritsi safika. Kwina kungachitike mosiyana, amayi osowa magazi n'kulembedwa ngati ali bwino, mankhwala awo n'kupita kwina. Salkyn anapempha kuti aziwaonetsa amayiwo liwulo pakakompyuta aziwerenga okha. Anamukaniza, chifukwa pansi pa funso pamakhala mayankho, ndipo munthu akawaona amangosankha lomukomera. Iwo akanatha kumutchulira lero, koma mawa sadzakhalapo.

"Ndikudikira mpaka dzuwa lipendeke, mwanawe. Sindikufuna kukuchotsa. Koma funso lotsimphina sindingalisiye m'mudzi."

Khomo lachiwiri linali la Sonun, mayi wodziwika kuti nkhani ikalowa m'khutu lake imafika kumapeto kwa mudzi tiyi asanazizire. Zenera la chipinda chake linali lotsegula, loyang'ana kumsewu. Salkyn ankafunsa uku akuwerengera mumtima mafunso otsala kuti lija lifike. Akalitchula, madzulo asanakwane apongozi ake aakazi, Mayi Uulkan, amene anamulandira ngati mwana wobala okha, adzakhala atamva kuti kelin wawo wa kutauni watchula dzina la bambo pakhomo la eni. Akapanda kulitchula, akwera galimoto.

"Pamene munali oyembekezera, kodi munalandira kapena kugula mapiritsi a..."

Apo anaima. Ndipo nthawi yomweyo, kumsewu, nkhalamba ina imene inkafuna kufunsa za nkhosa yake yosochera inaona mnzake akudutsa pakavalo, n'kukuwa ndi mphamvu zonse poti mnzakeyo makutu anatha kale:

"Temir!"

Sonun sanadabwe n'komwe. Anati ankamwa ndithu, tsiku ndi tsiku, ngakhale ankamuchititsa nseru, ndipo anayamba kufotokoza za namwino amene ankamupatsa. Salkyn analemba yankho. Atayang'ana pakona anapeza Mayi Raikan akuyang'anitsitsa m'kambale ka tiyi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Masana anakadya kwa apongozi, poti mlendo wochokera kutauni sangadutse pakhomo la a Temir osalawa nyama. Salkyn anamanga mpango, nawerama polowa, nakhala chakukhomo kumathira tiyi. Ganizo linali litamera kale m'mutu mwake, koma kelin sapempha apongozi aamuna zinthu maso ndi maso. Anadikira Mayi Uulkan apite kumbaula, nawatsata, nawanong'oneza zonse. Mayiwo anaseka mpaka anakhala pansi chipande chili m'manja. Iwo omwe, zaka zonse za ukwati wawo, chitsulo ankachitcha chozizira.

Anabwerera kuchipinda, naika pakamwa pakhutu la amuna awo.

"Bambo inu, boma likufuna dzina lanu."

"Boma? Linanditenga usilikali mano ndili nawo onse. Latsala ndi chiyani china choti litenge?"

Anawafotokozera mokuwa, mobwerezabwereza, kuti kelin wawo ali ndi funso limene sangalimalize, kuti pakufunika munthu woima panja pa zenera, woti akaona chizindikiro azitchula liwu limodzi lokha. A Temir anasisita ndevu zawo nthawi yaitali. Kenako anafunsa Mayi Raikan ngati liwu limenelo lidzafikedi ku Bishkek. Atamva kuti mayankho ake adzafika, anawongola msana.

Koma Mayi Raikan anali ndi lamulo lina. Mayankho a amayi ndi achinsinsi, mwamuna sayenera kuwamva, ngakhale ataima panja.

"Awa?" anatero Mayi Uulkan. Anaima kumbuyo kwa amuna awo, nanena ndi mawu a masiku onse kuti kavalo wawo amene amamunyadira uja ndi bulu wovala chikopa chobwereka, ndiponso kuti akanadziwa akanakwatiwa ndi mphunzitsi amene ankawafunsira kale. A Temir anapitiriza kuteta nyama pafupa, nkhope ili mbee ndi mtendere.

Mayi Raikan anavula magalasi kupukuta misozi. Anati njira yapafupi ilipo, angojambula mawu a mkuluyo pafoni, Salkyn azingodina. A Temir atamva zimenezi anakana ndi dzanja lonse.

"Dzina langa ligone m'thumba la jekete pamodzi ndi makiyi? Ndinalandira kwa bambo anga, ndidzalinyamula ndekha."

Anavala chipewa chawo choyera chachitali, chija cha pamaukwati, ndi chikhoti chabwino, nakwera kavalo. Anagwirizana kuti Salkyn akagwedeza kansalu koyera pazenera, iwo atchule. Anthu ankatuluka m'makomo kuonerera: patsogolo mkulu pakavalo, pambuyo kelin ndi sikelo, pambuyo pake mayi wa magalasi. Wina anafunsa ngati a Temir alembedwa unamwino. Iwo, posamva funsolo, anayankha kuti nkhosa yosochera ija sanaione.

Pakhomo lachitatu zinayenda mokoma kwambiri. Salkyn anawerenga mpaka pa "mapiritsi a", nagwedeza kansalu, ndipo panja panamveka liwu lalikulu ngati la munthu woitana ng'ombe kutsidya kwa mtsinje. Mayi wa m'nyumbamo anayankha bwinobwino. Pachinayi chimodzimodzi. Salkyn anayamba kupuma ngati munthu, mpaka anayamba kusereula ana powayeza.

Pakhomo lachisanu panali mtsikana wamanyazi, wa mwana woyamba, amene ankayankha atayang'ana pansi. Mwanayo anali m'tulo pakati pawo, ndipo ntchentche inkangomutera pamphuno. Salkyn anawerenga funso lotsatira.

"Kodi ndani anakuthandizani pobereka?"

Osaganiza, anakupiza ntchentche ija ndi kansalu kamene kanali m'manja.

"Temir!"

Kunja kavalo anafwenthera. M'nyumba mtsikana wamanyazi uja anagwa chammbali ndi kuseka, mwana anadzidzimuka, ndipo apongozi ake amene anali kukhitchini anasuzumira n'kunena kuti alembe choncho basi, a ku Bishkek awatumizire mkuluyo chikwama cha azamba. A Temir, poona kuti anthu akuseka pazenera, anavula chipewa n'kuwerama pang'ono.

Salkyn yekha ndiye sanaseke. Anaona ngati galimoto lija laima kale pakhomo. Koma anapempha a kukhitchiniwo kuti abwerere ndi kutseka chitseko, anaika kansalu pansi pa bondo, nadikira mtsikanayo apume. Kenako anawerenganso funso lonse kuyambira poyamba, pang'onopang'ono. Yankho linali loti mzamba wa kuchipatala cha m'mudzi, ndipo ndilo analemba. Sanayang'ane pakona.

Dzuwa litapendeka, mthunzi wa phiri utafika pamsewu, dalaivala analiza injini. Mayi Raikan anaima pafupi ndi chitseko cha galimoto nthawi yaitali akuyang'ana mayankho a tsikulo pakakompyuta. Kwa Begaim anati Salkyn abwerereko akafunsenso. Salkyn anaima manja ali kumbuyo, chikwama chake cha zovala chili pakhonde, osadziwa kuti achitenge kapena achisiye.

"Amayi aja funso analimva lonse, liwu ndi liwu," anatero Mayi Raikan. "Kuti latuluka pakamwa pawiri ndikalemba, akuluakulu akadziwe okha chochita nazo. Koma ntchentche uzithamangitsa ndi dzanja."

"Ndiye nditsale, mayi?"

"Ukakwera galimoto ili mkuluyo ndimuuza chiyani? Taona, wayamba kale kupesa kavalo."

Anamupatsa kakompyuta, nakwera, galimoto n'kutsetsereka kulowera kumlatho. Salkyn anathamangira kumbuyo kwa khola kumene kunalibe womuona, nadumphadumpha yekha ngati kamwana, nkhosa zikumudabwa. Kenako anakonza mpango, nabwerera pabwalo mwaulemu wake.

Anapeza a Temir akuuza akazi awo kuti mawa tiyi akhale wamafuta ambiri, chifukwa ntchito ya boma imadya pakhosi. Atamuona anamufunsa mwachindunji, koyamba chilowereni m'banjamo, kuti m'mawa ayambira pakhomo la ndani. Salkyn anatsegula pakamwa kuti ayankhe, nakumbukira kuti mwini khomolo ndi mkulu wawo wa a Temir omwewo, amene dzina lawo kelin salitchulanso. Anangoloza ndi dzanja kutsidya kwa ngalande, kunyumba ya denga lobiriwira.

"Kwa uyo? Uyo ndiye akalimve bwinobwino dzina langali," anatero a Temir, nalowa m'nyumba akuyesa mawu.