Lona wa pa Chisakasa

Mphepo yamkuntho yotchedwa bura ikamayandikira, mtambo woyera umagona pamwamba pa phiri la Velebit. Nediljko anauona Lachiwiri m'mawa, nadziwa kuti watsala ndi maola ochepa.

Kwa zaka khumi ndi zinayi, ndiye ankasamalira chisakasa cha aluminiyamu cha pabwalo la nyumba yawo yosanjikiza ku Senj. Kutsuka mchere wa m'nyanja pa mizati ndi kulimbitsa mabawuti ankatha yekha. Koma kutsitsa lona wa padenga kunkafuna anthu awiri, wina pamakwerero, wina pansi atagwira nsonga. Lonayo akasiyidwa, mphepo inkamufufumitsa mpaka kuzula mizati. Bungwe la okhala m'nyumbamo linali litagwirizana kale kuti chisakasacho chikadzagwa, malowo adzakhala oimikapo magalimoto.

Nediljko anagogoda zitseko zisanu, kuli zii. Eni ake anali ku Germany, ankabwera m'chilimwe mokha. Chachisanu ndi chimodzi anatsegula Vinka, wapampando wa bungwelo, atatsamira ndodo ziwiri.

"Mwabwera kudzandifunsira, a Nediljko? Mwachedwa ndi zaka makumi anayi."

"Ndikufuna wondigwirira lona, mayi."

"Ndi chiuno changachi? Mphepo ingakanditaye ku chilumba cha Krk. Chisiyeni chigwe. Amakhalamo ndani, kupatula inu ndi amphaka?"

"Amphakawo sanyoza khofi wanga ngati anthu ena."

"Mukagwa pamakwererowo, kumaliro sindibwera. Kutchalitchi kuja masitepe ndi ambiri."

Nediljko anabwerera pabwalo, nakwera pamakwerero yekha. Lonayo anasoka ndi malemu mkazi wake, Zdenka, ndipo chaka chilichonse ankamupinda ali awiri, nsonga kwa nsonga. Anali atamasula mfundo zitatu zokha pamene bura inafika. Mbali yomasukayo inakupiza, inam'menya kumaso, chisakasa chonse n'kuyamba kulira. Mzati wa kunyanja unkanyamuka pang'ono n'kubwereranso.

Anayesa kukokera lonayo pachifuwa, koma mphepo inam'landa. Anayesanso, makwerero anapendekeka. Pamenepo anatulutsa kampeni m'thumba, nadula zingwe zotsalazo chimodzichimodzi. Lona anakwera, anadutsa madenga awiri, nakagwera m'nyanja kutali ndi gombe. Nediljko sanamuyang'ane nthawi yaitali.

Anatsika, nakankha mzati uliwonse ndi phewa. Yonse isanu ndi umodzi inali nji. Ananyamula makwerero aja, akuyenda chowerama chifukwa cha mphepo, nakawagoneka m'chipinda chapansi.