Chipata Choyang'ana Kungalande

Belu la pasukulu linkamveka bwinobwino pabwalo pa a Toktosun, kunja kwa mzinda wa Bishkek. Sukuluyo inali kuseri kwa mpanda wawo, kungodumpha msewu. Choncho mpongozi wawo Burul, mkazi wa mwana wawo, atabwerako osamulembetsa mwana wake Akylai, mkuluyo anayesa kuti wapeza potseka.

"Akuti ife si a kumeneko, bambo," anatero Burul akumasula mpango. "Nyumba ino akuti ndi ya mu Msewu wa Ngalande. Ana a ku Ngalande amaphunzira kutsidya kwa njanji."

A Toktosun anayang'ana cha kunjanji. Njanjiyo ankaidziwa. Inalibe mlatho, ndipo sitima ya malasha ikaima, ana ankakwawira pansi pa mabogi.

Kutacha anavala chipewa chawo choyera n'kupita okha. Mlembi wa pasukulupo anawatembenuzira kompyuta kuti aone mapu. Mzere wofiira unadula nyumba yawo ya pakona pakati: khitchini uko, chipinda chogona kuno.

"Mwanayo amagona mbali yanu," anatero a Toktosun.

"Agogo, makinawa safunsa kogona mwana. Amafunsa keyala."

Kusukulu ya kutsidya anawalandira bwino. Malo analipo, m'kalasi ya masana, yoweruka kutada nyengo ya chisanu.

Pobwerera anadzera kwa a Kanyshai, mayi woyang'anira dera lawo, amene ankasunga chidindo chake m'chitini cha tiyi.

"Mwabwera, a Dukutu osalankhulanu? Lero mulankhula, kapena ndizidziyankha ndekha?"

Iwo anangotchula nambala ya nyumba.

"Nyumba ya pakona imatsata chipata," anatero mayiyo. "Kumene chipata chayang'ana, keyala ili komweko. Boolani mpanda mbali ya sukulu, ine ndidinda."

"Zikhale ziwiri."

"Chimodzi. Woyendera akapeza ziwiri amawerenga chakale. Chakalecho mutseke ndi njerwa, osati ndi loko. Nanga chipata ndi mkazi kuti mukakamire?"

Atatero anakumbuka kuti mkuluyo anaferedwa mkazi, n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale.

Chipatacho anachipaka utoto wabuluu ndi malemu akazi awo, a Kalbubu, ndipo anatulukira pomwepo atanyamulidwa pamapewa. Lachinayi lililonse Burul ankakazinga timandasi totchedwa boorsok kuti fungo la mafuta likafike kwa akufa, ndipo a Toktosun ankasiya chipatacho chotsegula pang'ono. Sanauzepo munthu chifukwa chake, ndipo panalibe amene anafunsa.

Masiku olembetsa ankapita kumapeto. Burul ankawathirira tiyi maso ali pansi.

"Bambo ake a Akylai aimba foni kuchokera ku Moscow. Akuti muone ndinu."

"Mmm."

"Akuti mpanda ndi wanu."

"Ndi wanga."

Tiyi anazizira m'kambale komwera. Kuseri kwa mpanda belu linalira.

Tsiku lina anamugwira dzanja Akylai kuti amuonetse njira ya kutsidya, mwina si yoipa monga ankaiganizira. Anapeza sitima itaima, yopanda mutu ndi mchira woonekera. Asanalankhule kanthu, mwanayo anawapulumuka n'kugwada, mutu utalowa kale pansi pa bogi.

"Amachita chonchi, agogo, ndinaona."

Anamukoka ndi kolala ya diresi mpaka batani linathothoka. Kutsogolo chitsulo chinagunda chinzake, mabogi n'kuyamba kusuntha.

Madzulo omwewo anakabwereka nyundo. Anaboola mpanda mbali ya sukulu, ndipo njerwa zomwe anagumulazo anakazimanga kunja kwa chipata chakale. Chitseko chabuluu sanachichotse. Chinatsala mkati, chikutsegukabe pamahinjesi ake, koma ukachitsegula unkakumana ndi khoma.

A Kanyshai anadinda. Kusukulu anati adikire woyendera, dzina la mwana lilowa iye akaona.

Lachinayi mafuta atayamba kununkhira, Akylai anathamangira kuchipata chakale monga ankaonera agogo ake akuchitira. Anachikoka, n'kuima akuyang'ana njerwa.

"Nanga agogo aakazi lero alowera pati?"

Burul anamuitana mwanayo msanga kuti akasambe m'manja. A Toktosun anakhala kanthawi akuyang'ana khomalo. Simenti inali isanalimbitsitse. Anakwera pampando, nagwedeza njerwa imodzi ya pamwamba mpaka inazuka, n'kuiika pansi pafupi ndi phazi lawo, kuti woyendera akagogoda aibwezere msanga.